Ng'ona ya Amalume a Goliati

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, amalume anga a Goliati anabwera kumudzi atakweza bwato pangolo ya eni. Tangoganizani, bwato kuyenda pamsewu! Ana anawathamangira kuchokera pamsika mpaka pakhomo pathu. Bwatolo analigoneka chafufumimba pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kuyamba kuikira mazira kunsi kwake.

A Goliati ndi alongo awo a mayi anga. Dzina lokhalo ndiye lalikulu, eni ake ndi aafupi moti ine ndimawaposa. Akazi awo anamwalira kalekale, ana analibe, moyo wawo wonse unali wa m'madzi. Anthu ankati salankhula. Bodza limenelo, ndi ine ankalankhula. Dzina langa ndi Belita koma iwo ankandiitana kuti Wailesi, ati chifukwa sinditha mabatire. Ine sindinkadandaula. Nanga si zoona? Nkhani ikalowa m'khutu mwangamu imandiyabwa mpaka itulukire pakamwa.

Ndi iwowa amene anandiphunzitsa mtsinje wathu wa Phalombe. Kusukulu aphunzitsi anangolemba kamzere pabolodi, basi ati mtsinjewo ndi umenewu. Amalume anawujambula pamchenga ndi bango, akundilozera. Umayambira uko kumapiri, cha ku Michesi, madzi ake ozizira oti mano amachita dzanzi, ndipo m'miyala mwake ndi nkhanu zokhazokha. Ukatsika umadutsa m'zimiyala zija anasiya Napolo chaka chomwe anakokolola anthu ndi nyumba zomwe. Pofika kwathu kuno kwa Mkhumba umakhala utatopa, umangokhotakhota m'minda ya chimanga ndi nandolo, madzi atasanduka ngati tiyi wamkaka. Kumunsi umalowa m'mabango ndi m'njedza, osadziwikanso pomwe wathera mtsinje ndi pomwe yayambira nyanja.

"Chilwa imangomwa, siitulutsa madzi kwina kulikonse," anatero amalume. "Mitsinje ikaleka kuyimwetsa, imafa. Inafapo ine ndili mnyamata. Koma inadzuka."

"Nanga nsomba zinachokera kuti poti zonse zinafa?"

"Sizinafe zonse ayi. Zochenjera zimathawira kumtunda, m'maiwe a m'mitsinje. Zimakhala momwemo phee mpaka mvula itabwera, kenako zimatsika ndi madzi n'kukaswana. Imeneyo ndiye mbewu ya nyanja, Wailesi."

Chaka chimenecho mtsinje wathu unaduka. Tinkayenda pakati pake ngati pamsewu, madzi akumwa tinkachita kukumba mumchenga n'kumadikira kuti adzadze chikho. Malo amodzi okha ndiwo anatsala ndi madzi ambiri: dziwe la Namakoko, kumunsi kwa mudzi, pomwe mtsinje umakhota pansi pa mikuyu itatu. Ndi lakuya, madzi ake akuda bii, mabango atalizungulira. Zamoyo zonse za mumtsinje zinasamukira pamenepo. Ukaima patali pachulu unkaona akakowa ali mbuu m'mikuyu, nantchengwa akuyenda m'mphepete ngati wataya ndalama, ng'azi zikuwothera dzuwa. Kunali akatumbu awiri, ndi nkhwazi imodzi yomwe inatsatira nsomba kuchokera kunyanja. Ikalira m'mawa, amalume ankasiya chilichonse n'kumvetsera.

Koma munthu sankayandikirako. Kale, Napolo asanadutse, padziwepo pankakhala ng'ona, ndipo inagwirapo mbuzi ya a Wilson, aneba athu. Madzi osefukira aja atapita sinaonekenso. Ndiye chaka cha chilalachi, patangopita masabata awiri chibwerere amalume, mapazi ake anaonekanso pamatope. Ndi mkukuluzi wa mimba ndi mchira womwe. A Wilson anapita kukaona, anayeza phazi ndi chikhatho chawo n'kubwerako akuthamanga. Ati yakula kawiri.

Njala inalipo, musaiwale. Tinkadya makaka ndi masamba a chinangwa, mawa lake masamba a chinangwa ndi makaka. Aliyense ankadziwa kuti mu Namakoko muli nsomba, poti madzi ankachita kuwira nazo. Koma ndani angapereke mwendo chifukwa cha matemba?

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litangotuluka, mayi anandituma kukafuna mbuzi yathu yomwe inadula chingwe. Ndinatsata mapazi ake mpaka kufupi ndi mikuyu ija. Ndiye ndinamva kanthu kakukwawa m'mabango. Ndinati basi lero ndadyedwa, ndipo nkhani yake akamba ena. Ndinasuzumira. Abale inu! Amalume anga ali chogwada pamatope, kabudula yekha, m'manja atagwira timatabwa tiwiri tosema. Akudinda apa, akudinda apo. Kumbuyo kwawo atamangirira thunthu la nthochi m'chiuno, akulikoka.

Ndinaphulika nako kuseka. Amalume anadzidzimuka mpaka anakhala pansi m'matope.

"Iwe Wailesi! Ukutani kuno?"

"Ndikufuna mbuzi. Nanga inu a ng'ona, mwadzuka bwanji?"

Sanaseke. Anandikodola ndi dzanja, ndinapita. Anandionetsa timatabwa tija. Anasema kuchokera ku nkhafi yawo yopalasira bwato, anachita kuidula. Kamodzi kanali ndi zala zisanu, kena zinayi.

"Lakutsogolo zisanu, lakumbuyo zinayi. A Wilson amadziwa kuwerenga, ndikalakwitsa andigwira. Tsopano bwera uone."

Anapatula mabango. Ine chibadwire sindinaonepo zotere. Matemba anali waliwali ngati wina wakhuthulamo masipuni. Milamba ikuluikulu inkabwera pamwamba kudzapuma, ndevu zili yangayanga, n'kumiranso. Makumba anali m'mbali, ena ndi tiana tawo. Katumbu mmodzi anatulutsa mutu, anatiyang'ana ngati ife ndiye alendo, n'kupitiriza kudya.

"Anthu a boma anabwera kudzanena kuti tisathire katupe wophera nsomba m'maiwe," anatero amalume. "Anthu anawaombera m'manja, galimoto itapita anaseka. Munthu wanjala samva boma. Koma ng'ona amaimva. Yatsala miyezi iwiri kuti mvula igwe. Miyezi iwiri yokha, Belita. Zikatsika izi, chaka chamawa bwato lija libwerera m'madzi, ndipo mudzi wonse udzadya mpaka kutaya."

"Inuyo simutengako ngakhale pang'ono?"

"Wandionapo ndi nsomba? Wosunga mbewu salawa." Anandigwira padzanja, dzanja lawo lili matope okhaokha. "Ndikudziwa matenda ako. Nkhani zonse za m'mudzi muno kamba, za ine ndi mowa kamba, za dazi langa kamba. Imodzi yokhayi undisungire. Mvula ikagwa ndidzakupatsa timatabwati, udzayende nato nyumba ndi nyumba. Wamva?"

Ndinalumbira. Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Ndipo ndinkanena zoona, Mulungu akudziwa.

Ndinaisunga masiku asanu ndi anayi. Musaseke, kwa ine imeneyo ndi ntchito yoposa kulima ekala. Kutchalitchi ndinkaluma milomo. Amayi akamanena kuti ana asapite kumunsi kuli ng'ona, ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe kukasekera komweko. Ndinafika pouza mbuzi ija, poti ndiyo inandipezetsa nkhaniyo.

Chomwe amalume sanaganize n'chakuti anthu ali ndi maso. Wina anawaona akuchokera ku Namakoko m'mawa miyendo ili matope. Wina anawaonanso. Ndiye kwathu kuno munthu amene amapita pomwe pali ng'ona n'kubwerako wamoyo, kawiri, katatu, anthu safunsa zambiri. Yankho amakhala nalo kale.

Tsiku lakhumi tinali pamchenga kudikira madzi, atsikana ndi amayi ambirimbiri, ndowa zili pamzere. Mnzanga Peggy, mwana wa a Violet, anali pambuyo panga. Peggy ndi mnzanga wa nkhani, timagulitsana, iye andipatse ya kumpoto kwa mudzi ine ndimupatse ya kummwera. Tsiku limenelo anayamba mokweza kuti onse amve.

"Belita, paja ng'ona ya kwanu imadya chiyani? Gaga?"

"Ng'ona ya kwathu iti?"

"Iii, usadzipusitse. Mudzi wonse ukudziwa. Amalume ako anabwera nayo kuchokera kunyanja, anaibisa m'bwato muja. N'chifukwa chake bwato linabwera pangolo. Amakaidyetsa m'mawa uliwonse."

"Akazi awo aja paja anafera m'madzi?" anafunsa mayi wina, akudziwa bwinobwino kuti anafa ndi chifuwa.

A Violet anaika chikho pansi. "Zoweta zija zimafuna magazi a pachibale. Ine ndikanakhala Eveles, mwana wangayu sindikanamulola kumayenda ndi munthu ameneyo." Eveles ndi mayi anga, ndipo anali pomwepo. Anangoweramitsa mutu. Osawaikira kumbuyo alongo awo ngakhale liwu limodzi!

Apa ndiye pamene ndimafuna kunama ndikamakamba nkhaniyi. Ndimafuna kunena kuti ndinalankhula chifukwa cha chisoni, poti amalume ankanenedwa ufiti. Chisonicho chinalipo ndithu. Koma panalinso china. Peggy anali ataima pakati, maso onse ali pa iye, ndi nkhani yabodza. Pomwe ine ndinali ndi yeniyeni, yokoma kuposa yakeyo, ili pansi pa lilime.

"Inu nonse ndinu opusa," ndinatero. "Ndi a Wilson omwe. Ng'ona yanuyo ndi thunthu la nthochi!"

Onse anatembenukira kwa ine. Kenako ndinayamba. Ndinagwada pamchenga, ndinaonetsa mmene amadindira, zisanu kutsogolo zinayi kumbuyo, ndinakwawa ndikugwedeza m'chiuno. Anthu anaseka mpaka ena anagwetsa ndowa. Sindinaseketsepo anthu bwino chotero. Ndinawonjezera ndi za matemba ngati masipuni, milamba yonenepa ngati ntchafu. Ndili pakati pofotokoza za milambayo ndinaona kuti a Violet asiya kuseka. Ankayang'anana ndi amayi ena.

"Ngati ntchafu, eti?" anatero a Violet.

"Komatu ndi mbewu," ndinatero msangamsanga. "Amalume akuti ndi mbewu ya nyanja. Akuti tidikire mvula."

"Ana anga adya mvula?"

Madzulo ake ndinafuna kuwauza amalume. Ndinapita mpaka pamtengo wa mango, ndinawapeza akumata ming'alu ya bwato ndi phula. Anandifunsa kuti, "Wailesi, lero kwagwanji?" Ndinawauza za mkangano wa nkhuku kwa a Makina. Ine amene ndimakamba chilichonse, chimenechi chokha chinandikanika.

Lachisanu kunabwera uthenga wa maliro a mnzawo wa amalume wa kunyanja, kwa Jenala. Amalume anabwereka njinga n'kupita, ati abwera Loweruka masana. Asanafike n'komwe pamsewu waukulu, amayi a m'mudzi anali atalowa kale m'tchire ndi makasu kukakumba katupe. Tsiku lonse mitondo inalira m'mudzi, koma osati ya chimanga. Katupe akasinjidwa amatuluka thovu, ndipo akalowa m'madzi nsomba zimaledzera n'kuyandama. Sasankha, yaikulu ndi yaing'ono yomwe.

Loweruka m'mawa mudzi wonse unatsikira ku Namakoko ndi matumba, malichero, madengu, ena masikito. Mayi anga anatenga dengu lalikulu lija la chimanga.

"Amayi, inunso?"

"Ukufuna anzathu adye ife tikuonerera? Wayambitsa ndiwe. Tenga beseni."

Ndinatenga beseni.

A Wilson ndiwo anayamba kulowa, atanyamula mkondo, poti mantha anali asanathere. Anabaya m'mabango uku ndi uku. Atapeza thunthu la nthochi lija analikweza m'mwamba, anthu n'kukuwa. Mkulu wina wa mpingo anayesa kunena kuti paja a boma analetsa. A Wilson anamuyankha kuti, "Ano ndi matipate, bambo. Zoletsana zinapita. Mtsinjewu ndi wa Goliati yekha?"

Anamiza matumba a katupe n'kumawaponda ndi mapazi, akuimba. Madzi akuda aja anasanduka oyera ngati a sopo. Akakowa anauluka onse nthawi imodzi. Poyamba sipanaoneke kanthu, mpaka ndinayamba kupemphera kuti mwina katupeyo ndi wosagwira. Kenako matemba anayamba kubwera pamwamba, akuzungulira ngati oledzera, mimba zili m'mwamba. Kenako makumba. Milamba inalimbalimba, ina inkakwawira kumtunda pamatope kuthawa madziwo, anthu n'kumaikhapa ndi zikwanje. Nkhanu zinatuluka, achule anatuluka. Dziwe lonse linayera, osaonanso madzi. Akatumbu aja ndinawaona ndi maso angawa akudutsa pamchenga masana dzuwa likuswa mtengo, wina patsogolo wina pambuyo, kulowera kumunsi komwe kunalibe ndi dontho lomwe.

Anthu anatola mpaka madengu anadzadza. Tiana ta nsomba, tating'ono ngati mpunga, palibe anatitola. Tinangoti mbwee m'mphepete monse, anthu akutiponda.

Amalume anafika ife tikumanga mitolo. Anaimika njinga pachulu paja. Wina anakuwa kuti, "Eni ng'ona afika!" Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga. Iwo anatsika pang'onopang'ono, anadutsa pakati pathu, analowa m'madzi mpaka m'mawondo ndi nsapato za kumaliro zomwe. Anatapa tiana tija m'manja awiri n'kumatiyang'ana.

"A Goliati, musatiyang'ane choncho," anatero a Violet. "Munatinamiza. Ana athu akugona ndi njala inu mukusewera ndi matope."

"Ndinakunamizani, eya," anatero amalume. "Mudya masiku angati?"

Anayang'ana madengu odzadza aja.

"Mchere muli nawo woti muumike zonsezi? Nkhuni zowambira?" Anatsitsa manja m'madzi. Kenako anatembenuka n'kundipeza pomwe ndinabisala kumbuyo kwa mayi, beseni lili pamutu, madzi a nsomba akundiyenderera m'khosi. Sanafunse kuti wanena ndani. Anangondiyang'ana, n'kukatenga njinga.

Tinadya masiku anayi. Tsiku lachisanu lake nsomba zinayamba kununkha, poti zinachuluka kuposa mchere ndi nkhuni za m'mudzi monse. Zina tinakwirira kuseri. Ana angapo anatsegula m'mimba. Fungo la ku Namakoko linkafika mpaka m'nyumba mphepo ikachokera kumunsi, ndipo linakhala sabata ziwiri. Nkhwazi ija sinalirenso. Pofika mwezi wotsatira tinali titabwerera ku makaka ndi masamba a chinangwa.

Amalume sanalawe. Mayi ankawapatsa mbale, iwo ankaibweza momwemo. Tsiku lachitatu ndinalimba mtima ndinapita pabwato paja. Ndinagwada.

"Amalume, ankakunenani ufiti. Ankati munapha akazi anu. Ine ndimafuna kukuyeretsani."

"Ndinkadziwa zomwe ankanena."

"Munkadziwa?"

"Ndinazimva sabata yoyamba. Ndinasangalala. Mfiti ndi ng'ona yake anthu amaziopa kuposa ng'ona yokha. Dzina langa likanayera lokha mvula itagwa." Anapitiriza kupala bwato ndi mpeni. "Munadyako?"

Sanandiuzepo kuti "munadyako" chibadwire changa. Nthawi zonse ndinali iwe.

"Eee."

"Zinakoma?"

Ndinalira. Iwo analowa m'nyumba, anatuluka ndi timatabwa tija n'kutiika patsogolo panga.

"Ndinalonjeza kuti ndidzakupatsani. Tengani, a Belita. Muziyenda nato."

Mvula inagwa patangotha masabata asanu. Asanu okha! Mtsinje unadzadza usiku umodzi, unatsuka Namakoko, madzi ofiira n'kumathamangira kunyanja. Amalume ankapita m'mawa uliwonse kukaima pomwe dziwe limatulukira, atamiza lichero m'madzi kuti aone chomwe chikutsika. Ine ndinkawaonera pachulu. Ankavuula zinyalala ndi mbululu. Anachita zimenezo sabata yathunthu, kenako anasiya.

Nyanja inabwerera, inde, pang'onopang'ono. Nsomba zinabwereranso patapita nthawi, akuti zinachokera m'mitsinje ina komwe maiwe awo anawasunga. Ndiye a Violet amati, "Mwaona? Nanga tinalakwa chiyani?" A Wilson nawo amakamba kumowa kuti iwo anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti mapazi aja ndi abodza. Peggy amaikamba nkhaniyi ngati anaiona ndi iye, mpaka amagwada n'kumakwawa, koma amalakwitsa, amati zinayi kutsogolo. Ine sindimukonza.

Ku Namakoko akatumbu sanabwerere. Akakowa alipo, achule alipo. Ana amasambira pomwe ankadinda amalume, ndipo malowo tsopano amawatchula kuti pa Nthochi.

Ngolo inabweranso kudzatenga bwato, ulendo uno ana sanaithamangire. Amalume amakhala kunyanja, kuno amabwera pakagwa maliro basi. Akafika amapereka moni kwa aliyense, ndi ine ndemwe. "Muli bwanji, a Belita? Kusukulu kukuyenda?" Ndikawapeza akucheza ndi munthu, amasiya kaye mpaka nditadutsa.

Timatabwa tija tili m'chikwama changa cha zovala, pansi penipeni. Peggy wandipempha kangapo kuti akationetse anzake a kwa Nkhulambe, mpaka anati andipatsa nkhani ya mwana wa abusa. Ndinakana. Anandifunsa kuti nanga ukusungira chiyani, poti aliyense akudziwa kale? Mpaka lero tikadali pomwepo.